Wotchi Yopanda Dzina

Kwathu ku Benga, m'boma la Nkhotakota, bambo athu ankadziwika ndi zinthu ziwiri: kusapita kunyanja pa Sabata, ndi wotchi yakuda imene sinkachoka pamkono wawo wamanzere. Ife awiri, mapasa omaliza m'banja la ana asanu ndi mmodzi, wotchiyo tinaipeza itafa kale. Inkakhala m'kachitini ka masamba a tiyi pamodzi ndi makadi a ubatizo ndi malisiti a chakhumi, galasi lake litachita chifunga mkati.

Mbiri yake tinaimva kambirimbiri pakhonde, madzulo a mwera pamene mabwato onse ali kumtunda. M'zaka za m'ma 1980 bambo ankagwira ntchito yolowa pansi pa nyanja kukagwira nsomba zokongola zamoyo, zija amalonda amatumiza ku Ulaya kuti zikawetedwe m'matanki agalasi. Kawirikawiri ankalowa pamiyala ya ku Nkhomo, kufupi ndi kwathu komweko. Wotchi anaigula kwa mnzawo wina amene anabwera nayo kuchokera ku Joni. Inali Seiko 6309, mtundu umene unkapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1988, yolembedwa kuti imapirira madzi akuya mamita 150. Kuzungulira galasi kunali mkombero wotembenuka wa mphindi 60. Polowa m'madzi ankalozetsa chizindikiro cha mkomberowo pa muvi wa mphindi kuti adziwe nthawi imene akhala pansi. Lachisanu ankachilozetsa pa ola lobwerera kumtunda, kuti dzuwa likamalowa kuseri kwa mapiri akhale atasamba kale, nyimbo ili m'manja. Pakazenera ka masiku, tsiku la Sabata linkatuluka ndi zilembo zabuluu. Iwo ankati ngakhale a ku Japan anadziwa kuti tsikulo si lofanana ndi ena.

Chaka chatha tinagwirizana zoti ndalama zina zimene tinapeza pogulitsa mabuku a mpingo patchuthi tidzutsire wotchi ija. Tinapita nayo kwa bambo wina wachikulire wokonza mawotchi pamsika wa paboma, Msilamu waulemu kwambiri. Iwo amatseka Lachisanu masana kupita kumzikiti, ife Loweruka sitiyenda za malonda, choncho tinkakumana Lamulungu. Atatsegula kumbuyo anatiitana kuti tione tokha. Injini yonse inali itadyedwa ndi dzimbiri, ndipo mazinga a pamene pamamangidwa kamutu kokonzera nthawi anali atatheratu.

"Ana anga, iyi inagona kalekale," anatero. "Koma ngati mukufuna, tikhoza kumanga ina yofanana nayo. Chachikulu muphunzire kuyeza musanagule."

Mawu amenewo tinawamva, koma sitinawasunge. Titabwerera kukoleji tinayamba kusakasaka zipangizo pa intaneti usiku, titamaliza kuwerenga. Tinapeza kuti pali mafakitale ambiri amene amapanga zigoba, nkhope, mivi ndi malamba otengera mawotchi akale. Injini imene ambiri amagwiritsa ntchito ndi NH35 kapena NH36, zopangidwa ndi kampani ya m'banja la Seiko lomwelo. Zonse ziwiri zimadziwaindira zokha mkono ukamagwedezeka, zimagunda ka 21,600 pa ola, ndipo zikasiyidwa patebulo zimayendabe maola pafupifupi 41. Kusiyana kwake n'kwakuti NH35 imaonetsa deti yokha, pamene NH36 imaonetsanso tsiku la m'sabata. Ife tinkafuna Sabata labuluu lija, ndiye tinasankha NH36. Apo tinasankha bwino. Zina zonse tinasankha ndi maso: nkhope yooneka bwino pachithunzi, mivi yonyezimira, chigoba chonenepa ngati cha kamba chofanana ndi cha bambo. Msuweni wathu wa ku Johannesburg anatilipirira, ife n'kupereka makwacha kwa mayi ake, ndipo katunduyo anafika patapita miyezi iwiri.

Lamulungu loyamba la tchuthi tinayala zonse pathebulo la bambo aja. Anatenga kachida kawo koyezera, osanena kanthu, n'kuyamba ndi nkhope. Kukula kwake kunali koyenera, mamilimita 28.5. Koma kuseri kwa nkhope ya wotchi kumakhala timiyendo tiwiri tolowa m'timabowo ta injini, ndipo malo a timiyendoto amatengera pamene pali kamutu kokonzera nthawi. Mawotchi ambiri kamutuko kamakhala pa 3 koloko. Chigoba chathu, potengera cha bambo, chinali nako cha pa 4 koloko, kuti kasamabaye kuseri kwa dzanja. Nkhope imene tinagula inali ya kamutu ka pa 3. Ataiika, 12 koloko inapendekera kumbali ngati denga lowombedwa ndi mphepo.

Gudumu la masiku linali ndi vuto lomwelo. Nalonso linasindikizidwa poganizira kamutu ka pa 3, moti m'chigoba chathu pakazenera pankaoneka theka la tsiku lina ndi theka la linzake. Munthu sakanadziwa ngati kunja kuli Lachisanu kapena Sabata. Tinaseka tonse atatu, koma ife kuseka kwathu kunali kwa manyazi.

Kenako mivi. Muvi uliwonse uli ndi bowo lolowa pa kamtengo kake, ndipo mabowowa amayezedwa ndi tizigawo ta milimita. Pa injini zimenezi muvi wa maola umafuna bowo la mamilimita 1.50, wa mphindi 0.90, wa masekondi 0.20. Mivi yathu inapangidwira injini ya ku Switzerland yotchedwa ETA 2824, imene muvi wake wa masekondi uli ndi bowo la 0.25. Kusiyanako n'kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, diso silingakuone, koma muviwo unkangogwedera. Wotchi ikanagunda pachitseko kamodzi kokha, ukanagwera mkati.

Madzulo amenewo tinakwera minibasi yobwerera ku Benga osalankhulana. Ndalama zimene zinapita pa nkhope ndi mivi zinali za masiku ambiri oyenda khomo ndi khomo padzuwa, chikwama cha mabuku chili paphewa. Mmodzi wa ife anati tingosiya, tiwagulire bambo wotchi ya batire ya pamsika. Winayo anati tayamba kale. Tinafunsananso ngati zonsezi sizinali kungokonda zokongola, poti mumpingo mwathu tinakula tikudziwa kuti wotchi timavala chifukwa imagwira ntchito, osati ngati chibangili. Funso limeneli linatithandiza. Pa oda yachiwiri tinasiya kuyang'ana zithunzi, tinayamba kuwerenga manambala. Tinalemba papepala: injini NH36, kamutu pa 4, gudumu la masiku la kamutu ka pa 4, nkhope ya 28.5 ya timiyendo togwirizana, lamba wa mamilimita 22, timphira totseka madzi ta chigoba chomwecho.

Pamenepa m'pamene tinakumana ndi yesero limene sitinaliyembekezere. Wogulitsa wina anali ndi nkhope yofanana ndendende ndi ya bambo, dzina la Seiko litasindikizidwa pamwamba, zilembo zonse zili m'malo mwake, ndipo mtengo wake sunali wokwera kuposa ya nkhope yopanda dzina. Miyeso yake inali yolondola. Bambo maso awo afooka, sakanazindikira. Akanakhulupirira kuti wotchi yawo yadzuka. Tinakambirana sabata yathunthu. Tinkadziuza kuti sitikugulitsa munthu, ndi mphatso chabe, ndiponso injini yake ndi ya kubanja komweko. Koma chigoba, galasi ndi nkhope sizinatuluke m'fakitale ya dzina limenelo, ndipo wozisonkhanitsa anali bambo wa pamsika wa Nkhotakota ndi ana awiri a sukulu. Lamulo lachisanu ndi chinayi tinaliloweza tili ku Pathfinder. Tinaona kuti bodza lolembedwa pankhope ya wotchi munthu amalinyamula pamkono tsiku lililonse, n'kumaliuza aliyense womufunsa nthawi. Ndipo amene akanalinyamula mosadziwa ndi mkulu wa mpingo wa zaka zambiri. Tinagula nkhope yakuda yopanda dzina.

Katundu wachiwiri atafika, zonse zinakhala m'malo mwake. Bambo aja anadula kamtengo ka kamutu pang'onopang'ono ndi fayilo, kuyesa, kudulanso, chifukwa kakafupika kwambiri sikatalikitsidwanso. Kenako anatsegula kachitini kathu kaja, n'kuchotsa mivi iwiri ya wotchi yakale, wa maola ndi wa mphindi. Anaiyeza, n'kumwetulira. Mabowo ake anali ofanana ndi a injini yatsopano. Utoto wowala usiku unali utasanduka wachikasu ngati mnyanga, koma mivi inali yowongoka. Pa wotchi yonse ya bambo, zimene zinalowa m'yatsopano ndi ziwiri zimenezo.

Kunatsala madzi. Kumbuyo kwa chigoba kunalembedwa mamita 200, koma tinali titaphunzira kale kusakhulupirira zolembedwa. Muyezo wa mawotchi olowa nawo pansi pa madzi, ISO 6425, umafuna kuti wotchi iliyonse payokha iyesedwe pa mphamvu ya madzi yoposa imene yalembedwa, ndipo makina otere ife tinalibe. Tinachita zimene tikanatha. Tinachotsa injini, m'chigoba n'kuikamo kapepala kouma, kutseka, kumangirira pachingwe ndi mwala, ndipo m'bale wathu wina msodzi anatipalasa m'bwato m'mawa nyanja ili bata. Tinatsitsa chingwe mikwamba khumi, n'kudikira. Titakoka, kapepala kanali konyowa mbali imodzi. Kamphira ka kumbuyo kanali katapanika potseka. Tinaika kena, topaka girisi wake bwinobwino, ndipo ulendo wachiwiri kapepala kanatuluka kouma. Sitinganene kuti wotchiyi ingafike mamita 200, ndipo m'nyanja yakuya mamita 700 kumpoto kwake sitikufuna kukayesa. Tikudziwa kuti mvula, mafunde a m'bwato ndi kusamba m'mphepete siziilowa.

Tinawapatsa Lachisanu masana, mayi akuphika kondoole wa Sabata. Anaitembenuza, kuiyandikitsa kumaso, kuiika kukhutu.

"Dzina lake lili kuti?" anafunsa.

Tinawauza zonse, kuyambira dzimbiri, nkhope yopendekera, mpaka ya dzina imene tinaisiya. Anamvetsera osatidula. Kenako analoza mivi ndi chikhadabo.

"Iyi ndiye ndikuidziwa," anatero. "Wa mphindiwu uli ndi kachipsera apa. Ndinkauyang'ana pansi pa madzi."

Anaivala, lamba n'kumanga pabowo lachitatu, chifukwa mkono wawo unachepa. Anatembenuza mkombero mpaka chizindikiro chinaloza hafu pasiti faifi, n'kutiuza kuti tikatunge madzi osamba msanga, dzuwa la mwezi wa Julaye silidikira. M'mawa mwake, tili panjira ya kutchalitchi, anatiimitsa pansi pa mtengo wa mango kuti tione pakazenera. Zilembo zinali zabuluu.