Mthunzi wa pa Bvumbwe ndi lona wa pagalimoto

Tambala wachiwiri akamalira, msika wa Bvumbwe umakhala utadzuka kale. Akabaza amatsitsa madengu a matimati, kabichi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu wa M2, wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo ndi Mulanje, ndipo amayi ogulitsa asanayale katundu amayamba akunga malona awo. Dzuwa limakhala lisanatuluke, koma m'miyezi ya June ndi July chiperoni chimanyowetsa chilichonse mwakachetechete. Amene akuganiza zogula lona womangirira padenga la Land Cruiser kapena Hilux, kuti azikagona naye kutchire, aphunzire pamenepa. Kumapiri kuno lona amagwira ntchito ziwiri, kutchinga dzuwa ndi kutchinga madzi, choncho wabwino ndi amene munthu mmodzi angamutambasule msanga, kumupendeketsa ndi kumukhomerera pansi. Kukula kwake kumabwera pambuyo.

Ikamakwana 10 koloko, galimoto za alendo opita ku Satemwa, esiteti ya tiyi yomwe Maclean Kay anayambitsa mu 1923, kapena kukakwera phiri la Mulanje, zimaima kuti agule zinanazi ndi masamba. Padenga la zina mumaona thumba lalitali la lona lomangidwa ku kaliyala. Ena mwa malonawa ndi owongoka, a mamita 2 kapena 2.5, okhala ndi mizati iwiri ndi zingwe. Ena amatambasuka ngati phiko kuzungulira mbali ndi kumbuyo kwa galimoto, omwe amatchedwa a 270. Ambiri amachokera ku South Africa, kwa makampani ngati Eezi-Awn ndi Front Runner. Wina anganene kuti wa 270 ndiye wopambana chifukwa pansi pake pamakwana khitchini ndi banja lonse, ndipo pamthunzi pokha akunena zoona. Koma kawirikawiri amalemera kuposa makilogalamu 20, kulemera konseko kuli pamwamba ndi mbali imodzi, pomwe denga la galimoto lili ndi malire a katundu amene linganyamule ikamayenda. Pamisewu yokhotakhota ndi yamabampu yotsikira kuchigwa cha Shire, zomangira zake ndi zimene zimayamba kulira. Mbali yomumangira nayo njofunika: kuno timayenda kumanzere, ndiye lona akhale kumanzere kuti mukaima m'mbali mwa msewu muzikhala kutali ndi malole.

Masana msika umaphunzitsa za dzuwa lenilenilo. Bvumbwe ili pafupifupi madigiri 16 kummwera kwa equator, kotero kumapeto kwa October ndi mu November dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, mthunzi n'kugwera pansi pa lona, pomwe mu June limakhala chakumpoto ndipo kuwala kumalowa cham'mbali. Mavenda amadziwa zimenezi popanda buku: amapachika chitenje kapena thumba mbali yomwe dzuwa likulowera, n'kumalisuntha tsiku likamapita. Woyenda ndi galimoto angachite bwino kugula nsalu imodzi yam'mbali m'malo mowonjezera kukula kwa denga, ndiponso kuimika galimoto moganizira komwe dzuwa lidzakhale 3 koloko. Palinso onena kuti mitengo ilipo yambiri ku Thyolo, lona ngwachiyani. Koma minda ya tiyi ndi ya eni ake, simungangoima paliponse, ndipo nthambi za bulugamu zimathyoka mphepo ikakula. Kukatentha ku Chikwawa, mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba nthawi yomwe mthunzi ukufunika kwambiri.

Mayeso enieni amabwera chakumadzulo, makamaka nyengo ya dzinja, mitambo ikadetsa mbali ya ku Mulanje. Mphepo imayamba, kenako mvula ya mkuntho. Pamsika lona amene amapulumuka ndi womangidwa ndi malegeni, chifukwa mphira imatamuka m'malo moduka, ndi wopendekera mbali imodzi kuti madzi atsetsereke. Wokungidwa mofanana mbali zonse amasunga chithaphwi pakati mpaka kung'ambika. Zilinso chimodzimodzi pagalimoto: tsitsani mzati umodzi, khomani zikhomo mopendekera kunja, mangani zingwe ngakhale kunja kuli bata. Ogulitsa malona odziimira okha opanda mizati amati zingwe n'zosafunika, ndipo pakakhala kamphepo kayaziyazi n'zoonadi. Koma kamvuluvulu akalowa pansi amamukweza lonayo ngati ambulera, mikono yachitsulo n'kupindika kapena kumenya denga, ndipo zitsulo zoterezi simungazipeze pagolosale ya pa Thyolo boma. Mzati wa lona wowongoka ukathyoka, nsungwi imalowa m'malo mwake tsiku lomwelo.

Mdima ukamagwa, nyali za mabatire zimayaka pamabenchi, minibasi zomaliza zikuitanira a ku Limbe. Amayi ena amamasula malona awo, kuwakutumula ndi kuwapinda, ndipo wonyowa amakayanikidwa kunyumba. Wapagalimoto amaiwala zimenezi kawirikawiri chifukwa thumba limabisa zonse. Nsalu yokulungidwa ili yonyowa imachita chuku, imanunkha, ndipo ulusi wa m'misoko umafumbwa. Ngati mvula yakukakamizani kupinda lona ali chinyowere, mutambasuleni mukangofika, aume kaye musanatseke zipi.