Aberdeen: Tauni ya Myala, Mpepo na Sukulu ya Mafuta

Imwe bamene mumakamba ati June ya mu Lusaka imazizila, lekani nikuuzeni. Ninaseluka sitima pa Aberdeen, ku Scotland, mu November. Nthawi yenze 16 hours chabe koma kunja kunafipa kudala monga ni load shedding. Mpepo yochoka ku nyanja inangena mu jacket yanga ya pa salaula monga sininavale kanthu.

Mumaniziba, nchito yanga ni ma show, ma album launch na nkhani za ndani asiyana na ndani. Manje ninafikako bwanji kuja? Ni bakulu banga. Banasebenza zaka 6 monga mechanical engineer pa kampani ina ku Copperbelt. Pamene nchito inayamba kugwedezeka, banagulisa motoka na plot, bayenda kuchita Masters ya petroleum engineering. Pa graduation banafuna umozi wa pa nyumba akapenyeko. Ba mummy ndeke bamayopa, so tiketi inagwela ine. Lusaka, Doha, Edinburgh, elo sitima ya maola abili na hafu mumbali mwa nyanja.

Choyamba chamene muzaona ni mutundu wa tauni. Vonse ni grey. Manyumba, machechi, mabanki, vonse vinamangiwa na mwala wa granite, ndiye chifukwa bamaiitana Granite City. Mvula ikaloka, tauni na mitambo vimapalana. Koma zuba ikachoka olo pang'ono, vipupa vimang'anima monga mwathilako glitter. Ba mpila, pano ndiye penze Alex Ferguson akalibe kuyenda ku Manchester United, ndipo mu 1983 timu yake inamenya Real Madrid 2-1 mu final ya Cup Winners' Cup. Chenjezo imozi: osadyela chips panja. Vinyoni va ku nyanja, vikulu monga nkhuku ya pa munzi, vinanilanda lunch yanga mu manja pa Union Street, bantu bapenyelela chabe.

Koma tauni iyi siinachuke chifukwa cha myala. Ni mafuta. Mu 1970 BP inapeza mafuta pansi pa North Sea pa malo yochedwa Forties, mu 1975 yayamba kufika ku mutunda. Tauni ya bashodzi inasanduka likulu ya mafuta mu Europe. Harbour ili pakati pa tauni penipeni, mungochoka mu shop, pasogolo panu paimilila chombo chachikulu chopeleka ma pipe na vakudya ku ma platform. Kumwamba ma helicopter yapita monga ma minibus ya pa Kulima Tower, kupeleka bantu ku shift ya masabata abili olo atatu pakati pa manzi. Ngati mufuna kuona mwamene platform imaonekela, ngenani mu Maritime Museum pa Shiprow, ni mahala. Muli model ya Murchison platform yamene itenga ma floor yangapo.

Ma university yalipo yabili, University of Aberdeen ya mu 1495 na Robert Gordon University. Usiku umozi tikudya nsima na mackerel, unga wogula ku shop ya ma Nigerian, ninafunsa bakulu banga: "Nanga ba big man, chaka chonse mwenze kuphunzila chani? Si kukumba chabe mugodi mafuta yachoka?"

Banaseka mpaka kukosomola. Ine nenze kuganiza ati mafuta yankala pansi monga damu. Iyayi. Yankala mu tuma hole tung'ono-tung'ono twa mu mwala, monga manzi mu siponji, makilomita abili, atatu pansi pa nyanja. Borehole ya mu komboni ikafika mamita 60 timaomba m'manja. Uku bamakumba makilomita, ndipo pipe ingakhote kuyenda cham'mbali. Reservoir engineer apima kuti muli mafuta yambili bwanji na mwamene yazayendela. Wa drilling asamala kuti pressure ya pansi isaphulike. Wa production aona kuti yafika pamwamba bwino. Pressure ikachepa bamapompelamo manzi kuti yakankhe mafuta, koma olo so, kambili yopitilila hafu yamasala mu mwala. Kosi ni miyezi 12, masamu na kompyuta ndiye vakudya va masiku onse, miyezi yothela ni project. Mu kilasi mwenze ma engineer bochoka ku Nigeria, Ghana na India, bambili ni bantu bakulu bosiya nchito na mabanja.

Mailo yake banenipeleka ku Hazlehead Park. Pakati pa munda wa ma rose paimilila vibolibo vitatu va bamuna bovala va nchito, pansi pake maina. Pa 6 July 1988 platform ya Piper Alpha inaphulika, bantu 167 banafa, 61 ndiye banapulumuka. Chinayambisa? Ba shift ya muzuba banachosa safety valve pa pump kuti baikonze. Ba shift ya usiku sibanazibe, bayasha pump ija, gas yachoka. Pepala imozi ya handover yamene siinafike pa munthu oyenela. Bakulu banga banaimilila nthawi itali osakamba. Pambuyo bananiuza kuti nkhani iyi ili mu maphunzilo yabo, ndipo inabakumbusa masiku yamene beve benze kusaina permit mothamanga kuti bagwile basi ya knock off. Imwe ba welder, ba fitter, ba electrician, iyo ni yanu.

Manje tikambe zoona. Aberdeen ya lelo si ija ya kudala. Mu 2014 mutengo wa mafuta wenze pamwamba pa madola 100 pa barrel, pofika kumayambililo kwa 2016 unagwa pansi pa 30. Bantu bambili banataya nchito, ndipo pa Union Street muzaona mashop yovala. Mafuta ya mu North Sea yayamba kuchepa. Mukaimilila pa beach muzapenya ma wind turbine 11 yazungulila mu nyanja, ndipo ma lecturer manje baphunzisako na mobwezela carbon pansi pa nyanja.

Nanga mu Zed wa pepala iyi azasebenza kuti? Ise sitikumba mafuta. Tili na pipeline ya TAZAMA ya makilomita 1,710 kuchoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, ya mu 1968, yamene manje ibwelesa diesel, ndipo Indeni ya mu 1973 inaleka kuyenga crude. Koma penyani ma neighbour. Angola ni chimphona cha mafuta, Mozambique ili na gas ku Cabo Delgado, Namibia inapeza mafuta mu nyanja mu 2022. Ndiye chifukwa bakulu banga usiku bamaphunzila Chipwitikizi pa foni.

Ngati mutima wanu wayamba kuthamanga, mvelani. Diploma yeka siikwana, ifunika degree ya engineering olo science, monga ya pa UNZA kapena CBU. Fees ya bochoka kunja ipitilila ma pounds 20,000, mukalibe kuikapo rent na vakudya. Osathamangila kugulisa plot: yesani Chevening, yamene ifuna zaka zibili za nchito na kuti mubwelele kwanu mukasiliza, olo Commonwealth. Visa ifuna na TB test. Elo kuchokela January 2024, ba Masters ya mu kilasi bozilipilila beka sibaloledwa kubwela na mukazi na bana. Mulamu wanga anasala ku Kitwe na bana babili chaka chonse.

Pa graduation ninaliza nthungululu neka mu hall yonse, bazungu banacheuka. Bakulu banga banatuma ma application yambili, interview imozi ndiye yabwela, yankho ikalibe. Ponipelekeza ku sitima bananipasa chithunzi cha gown. "Upeleke kuli ba mummy. Bakafunsa za plot, ubauze ati nikali kusebenzelapo."