Safunsa Anadya Phula

Mnzanga wacinyamata, kalata yokuitanani ku yunivesite ikafika, mudzi wonse umakondwera. Amai amalulutira, amalume amapha nkhuku. Koma ndi ocepa amene amakuuzani kumene mungathawire ndalama zikatha pakati pa temu, kapena mukasowa pogona. Nkhani imeneyi ndiyo ndifuna tikambirane lero.

Tiyambe ndi ndalama. Kale ophunzira anali kuthandizidwa ndi Bursaries Committee, ndipo n'cifukwa cake mudzamva ena akuchula ndalama zao kuti BC. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, mwacidule HELSB, kuti ligwire nchito imeneyi. Dziwani kuti ndalamazi ndi nkhongole. Mukatsiriza maphunziro muyenera kubweza, kuti ang'ono anu nawonso adzapeze pobwereka. Ena amalipiridwa fizi yonse, ena gawo cabe. Conco sungani bwino NRC yanu, zotsatira za Giredi 12 ndi kalata yokulandirani. Ngati ndinu amasiye, funani msanga makalata otsimikizira imfa ya makolo anu. Tsiku lotsekera mafomu siliyembekeza munthu.

Caciwiri ndi pogona. Pamene yunivesite ya UNZA inatsegulidwa mu 1966, ophunzira anali mazana atatu ndi ocepa pamwamba. Lero ali zikwi zambiri, ndipo zipinda sizikwanira. Ena amapanikizana m'cipinda ca anthu awiri, ena amacita lendi ku Kalingalinga kapena ku Ng'ombe. Ofesi ya Dean of Students ndiyo imayang'anira zogona ndi umoyo wa ophunzira. Ngati muli ndi cilema kapena matenda okhalitsa, kanenani sabata yoyamba yomwe, muli ndi kalata ya dokotala m'manja. Musapatse ndalama munthu wokumana naye panjira amene akuti adzakupezerani bedi.

Pamene ndinali kuphunzira, tinali ndi mlongo wina m'gulu lathu la mapemphero. Atate ake anamwalira iye ali m'caka caciwiri. Anayamba kudya kamodzi patsiku, koma Lamlungu anali kubwera ndi diresi losita bwino, akumwetulira. Palibe anadziwa. Mwamuna wina wagalimoto anayamba kumulonjeza fizi. Cimene cinamupulumutsa ndi mnzake wogona naye cipinda cimodzi, amene anamugwira dzanja napita naye kwa alangizi a pasukulupo. Alangiziwo anamuthandiza kulemba kalata yopempha kulipira pang'onopang'ono, ndipo ife tinayamba kusonkha unga ndi kapenta. Lero ndi mphunzitsi. Thandizo linalipo kuyambira kale, koma manyazi ndiwo anali atatseka khomo.

Inu atsikana, ndi inunso anyamata, mphunzitsi kapena munthu wina aliyense akakufunsirani cisembwere posinthana ndi mamalikisi, umenewo ndi mlandu. Sungani mauthenga ake a pafoni, uzani alangizi, ndipo ngati wakuopsezani pitani ku Victim Support Unit ku polisi. Nambala ya 933 ndi yaulere, ndipo kumeneko amamvetsera nkhani za nkhanza.

Cacitatu ndi liu lanu. Ophunzira ali ndi mabungwe owaimirira, monga UNZASU ku Lusaka ndi COBUSU ku Copperbelt University ku Kitwe. Musawaone ngati masewera. Mu Okutobala 2018 ophunzira a pa UNZA anacita cipolowe cifukwa ca kucedwa kwa ndalama za cakudya, ndipo mtsikana wina wa m'caka cacinai anamwalira ndi utsi, moto utabuka m'nyumba yogonamo atsikana. Mu 2019 boma linacotsa ndalama za cakudyazo. Ophunzira ndi atsogoleri ao sanaleke kudandaula, ndipo mu 2023 zinabwezeretsedwa. Mwala woponyedwa pa Great East Road sunadyetsepo munthu, koma kukhala cete nakonso sikuphika nsima. Sankhani atsogoleri odziwa kulemba dandaulo ndi kukhala pansi ndi akuluakulu, osati ogula mavoti ndi mowa.

Nanga inu otsala kumudzi? Kodi gulu lanu la acinyamata likudziwa ndi angati a mumpingo mwanu amene ali ku makoleji? Lembani maina ao. Muziwatumira foni pakati pa temu, pamene thumba la unga lafika pansi, ndipo muzifunsa mosabisa kuti, "Kodi wadya lero?" Pemphani amene anatsiriza kale kuti athandize a Giredi 12 kudzaza mafomu. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo inu amene mukumanga katundu wa ulendowu, musanadziwe kumene amaonerera mpira, dziwani zitseko zitatu izi: ofesi ya Dean of Students, cipinda ca alangizi ndi kiliniki. Gogodani mavuto akali aang'ono.