Nambala Yachinsinsi pa Dooko la Kachulu

Tinanyamuka pa Zomba m'mamaŵa kuloŵera kum'maŵa, ndipo tinafika pa Kachulu dzuŵa litakwera ndithu. Pamenepa mpamene pali dooko la nyanja ya Chilwa pomwe anthu amakwerera mabwato opita ku chilumba cha Chisi. Nyanjayi njosaya, ilibenso mtsinje wotulukamo. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 madzi anatsala pang'ono kutheratu. Koma ife tinaipeza ili ndi madzi, matemba atayanikidwa pa mathandala, milamba ikuwambidwa.

Kale wogulitsa nsomba ankamanga ndalama pa nsonga ya nsalu, popanda wodziŵa kuchuluka kwake. Lero zambiri zimayenda pa foni, pa Airtel Money ndi Mpamba. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni imalembetsedwa m'dzina la mwini wake, ndipo ambiri amalembetsa ndi chiphaso cha unzika chimene boma linayamba kupereka kwa anthu onse mu 2017. Motero m'kachipangizo kameneka muli dzina la munthu ndi chuma chake chomwe.

Tili chiimire pa kasitolo kotapirapo ndalama, panafika mayi wina wachikulire. Poti maso ake sanali kuona bwino, anapereka foni kwa mwini kasitolo, natchula nambala yake yachinsinsi mokweza, monga momwe mkulu wa mpingo amatchulira nambala ya nyimbo Lamulungu. Tonse tinaimva, ndipo ena tinali alendo osadziŵika kumene tachokera.

"Amayi, musamatero," anatero mnyamatayo. "Nambala imeneyi ngakhale ine sindiyenera kuidziŵa."

"Nanga mwanawe, ndibise chiyani? Kuno tonse timadziŵana."

Sitingawadzudzule mayiwo, pakuti kukhulupirirana nkumene kwasunga midzi ya m'mbali mwa nyanjayi m'zaka za chilala. Koma pa dooko pamafika ogula nsomba ochokera kutali, ndipo foni siifunsa kuti waitola ndani. Tinaonanso mafoni ambiri ali pa thebulo lotchajira, ena a asodzi amene amagona masiku m'zimbowera, timisasa toyandama pa madzi. Foni ikakhala yosakiya, aliyense angathe kuŵerenga mauthenga onena za ndalama zimene zatsalamo. Palinso akathyali oimba foni nkumati ndi a ku ofesi ya Mtukula Pakhomo, nafunsa nambala ya chiphaso ndi yachinsinsi yomwe. Wantchito weniweni safunsa nambala yachinsinsi. Mu 2024 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya munthu yosungidwa m'makina, koma mayi uja anali ataitchula yekha.

Inu achinyamata, ntchito iyi njanu. Tisanachoke panabwera mtsikana wa sukulu, mdzukulu wa mayiwo. Anawatengera kuseri kwa kasitolo, nawathandiza kusintha nambala ija. Kenaka anagwira chala chao nkumachiyendetsa pa mabatani, kaŵiri, katatu, kufikira anakhoza kudina okha. Bwato la ku Chisi linali litadzaza kale, ndipo eni ake anali kuwaitana.