Wogula amayamba kuona pa geti

Ntchito yanga ndi yokonza kunja kwa nyumba: pulasitala, penti, ngalande ndi mipanda. Ambiri amene amandiitana muno mu Blantyre, kaya ku Chilomoni, ku Machinjiri kapena ku Namiwawa, amakhala akufuna kugulitsa nyumba, ndipo mawu awo amafanana: "Amisiri, ingopakanipo penti iwale, ejenti akubwera ndi anthu Loweruka." Ndimawauza kuti penti ibwera, koma tiyambe tazungulira nyumbayi tione kumene madzi amalowera mvula ikagwa.

Mzinda wathu ndi wa zitunda ndi zigwa, ndipo mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Madzi ochokera pa malata akamagwera pa dothi, amathovukira ku khoma n'kusiya katondo m'munsi monse. Pakapita nthawi pamamera ndere, pulasitala amafufuma, ukagogoda ndi chala umamva kuti m'kati mulibe kanthu. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anakokolola nyumba m'munsi mwa phiri la Soche ndi ku Chilobwe, ogula amene ndimakumana nawo sayang'ananso mtundu wa penti wokha. Amawerama, amaona m'munsi mwa khoma, amafunsa kuti madzi a kumtunda amadutsa pati. Nchifukwa chake ndimayamba ndi kuwaka simenti kuzungulira nyumba yonse, mulifupi pafupifupi mita imodzi, yopendekera kunja pang'ono, kenako ngalande yotulutsa madzi mpaka ku msewu osati kwa aneba.

Pulasitala wofufuma ndimamugumula yense mpaka njerwa zioneke. Thumba la simenti la makilogalamu 50 ndimasakaniza ndi mawilibala awiri kapena atatu a mchenga wosefa, wopanda dothi, ndipo ndikamata ndimathirira madzi sabata yathunthu. Apa ndi pamene timakangana ndi eni nyumba, chifukwa khoma latsopano limafuna masabata anayi lisanalandire penti. Ukafulumira, mchere wa mu simenti umatuluka ngati ufa woyera, penti n'kuyamba kusendeka wogula asanamalize n'kulipira komwe.

Ming'alu nayo ili mitundu iwiri. Ina ndi yaing'ono, ya pamwamba chabe, imeneyo ndimaikulitsa pang'ono n'kuitseka. Koma ulipo mng'alu umene umatsata mizere ya njerwa kukwera ngati masitepe, wotakata kumwamba. Umenewo umanena kuti maziko atsika. Sindiubisa. Ndimauza mwini wake kuti aitane injiniya, kapena atsitse mtengo n'kumuuza wogula zoona. Amene adzagone m'nyumbamo ndi munthu amene mwina wasunga ndalama moyo wake wonse, ndipo ana ake adzagona pansi pa khoma lomwelo. Eni nyumba ena amakwiya n'kuitana mmisiri wina, ndimawasiya.

Nthawi yabwino yopenta ndi mvula ikatha, makoma atauma. Mu Juni ndi Julaye ndimayang'ana kumwamba, chifukwa chiperoni chikabwera penti siuma bwino. Mu Okutobala vuto ndi dzuwa: penti imauma pamwamba m'kati isanagwire, choncho ndimatsata mthunzi, m'mawa khoma la kumadzulo, masana la kum'mawa. Mitundu ndimalangiza yofatsa, ya kirimu kapena yotuwa pang'ono, ndipo m'munsi ndimadula mzere wa penti yakuda kapena yofiirira kuti fumbi ndi matope zisaoneke msanga. Mwini nyumba angakonde mtundu wobiriwira kwambiri, koma wogula akaona amayamba kuwerengera ndalama zoufufutira.

Geti ndiye ndimalisamala koposa, pakuti munthu amaima pamenepo kudikira kuti amutsegulire, maso ali ponseponse. Dzimbiri ndimalipala ndi burashi ya waya, n'kupaka penti yoteteza dzimbiri ya red oxide, kenako penti ya mafuta kawiri. Mahinjesi ndimathira girisi. Geti lokhulira pansi, lofuna anthu awiri kulinyamula, limauza mlendo kuti panyumba pano zinthu zimangosiyidwa.

Zotsalazo n'zosavuta ndipo sizidya ndalama zambiri. Kapinga atchetchedwe, mpanda wa maluwa udulidwe mofanana, matayala akale ndi migolo zichoke pabwalo, dzenje la zinyalala likwiriridwe. Matabwa a m'mphepete mwa denga amene chiswe chadya asinthidwe, osangowapaka. Mtengo wa mango kapena wa mapeyala sindilola kuti udulidwe pokhapokha ngati mizu yake yalowa m'maziko. Ndimangosadza nthambi zogona pa malata, chifukwa masamba owunjikana amasunga chinyezi n'kuchititsa dzimbiri.

Ndalama zikachepa, ndimawauza eni ake kuti tikonze njira ya madzi, geti ndi khoma loyang'ana ku msewu. Makoma enawo timangowatsuka ndi burashi ndi sopo, ndipo wogula timamuuza kuti mbali imeneyi sitinapente.