907, 958 ndi siginecha yanga

Mwezi wathawu ku ofesi kwathu malipiro a anthu awiri anasemphana. A mlonda analowa mu akaunti ya dalaivala, a dalaivala n'kulowa mwa mlonda. Amene analemba manambalawo ndi mtsikana wa intenishipu yemwe anandipatsa kuti ndizimuphunzitsa ntchito. Dalaivala atabwera kudzadandaula, ndinatembenukira mtsikanayo anthu onse akumva: "Iwe, kodi maso ako amakhala kuti?" Iye anangoti, "Pepani achimwene," n'kuzyolika. Sanatchule zoti pansi pa pepalalo panali siginecha yanga. Inenso sindinatchule.

Usiku umenewo tulo tinandithawa. Ndili ndi kachizolowezi kena kachilendo: ndege sindinakwerepo chibadwire, koma bandulo yanga yambiri imathera powerenga za ngozi za ndege. Ndiye ndili chigonere, nkhani ina ya ku Japan imene ndinaiwerenga kalekale inangondibwerera, ndipo ulendo uno inandiluma.

Pa 31 Januwale 2001, ndege ziwiri za Japan Airlines zinali mumlengalenga cha kufupi ndi mzinda wa Yaizu. Yoyamba, nambala 907, inali Boeing 747 yochokera ku Haneda, ku Tokyo, kupita ku Okinawa. Yachiwiri, nambala 958, inali DC-10 yochokera ku Busan kupita ku Narita. Zonse pamodzi zinanyamula anthu 677. Pansi, ku likulu lowongolera ndege ku Tokorozawa, amene amalankhula nazo anali mnyamata wa zaka 26 wophunzira ntchito, ndipo pambali pake panali mayi womuphunzitsa.

Mwina simukudziwa mmene ntchito imeneyi amaiphunzirira. Munthu amayamba m'kalasi, kenako amayeserera pa makina okhala ndi ndege zongopeka. Koma limafika tsiku loti akhale pa rada yeniyeni, kulankhula ndi ndege zenizeni zonyamula anthu amoyo. Palibe njira ina yozembera. Chitetezo chake ndi mphunzitsi amene wakhala pambali, akumva mawu aliwonse pa wailesi yomweyo, wokonzeka kulowererapo zikavuta. Palinso lamulo loti woyendetsa ndege akauzidwa chinthu azichibwereza mokweza, kuti wapansiyo amve ngati uthenga wafika bwino komanso wafika kwa mwiniwake.

Tsikulo 958 imauluka pa mamita pafupifupi 11,300, ndipo 907 imakwera kudutsa pamlingo womwewo. Awiri aja anali atatanganidwa ndi ndege zina, moti chenjezo litaoneka pa sikirini nthawi inali itatha kale. Mnyamatayo anafuna kutsitsa 958. Pakamwa pake panatuluka 907. Woyendetsa 907 anabwereza lamulolo, n'kuyamba kutsika, ndipo palibe anazindikira kuti nambala yasokonekera. Mphunzitsi atalowererapo, anaitana ndege nambala 957. Ndege ya nambala imeneyo kunalibe.

M'ndege zikuluzikulu muli chipangizo chotchedwa TCAS. Chikaona kuti ndege ziwiri zikufuna kuwombana, chimauza ina kuti ikwere, inayo itsike. Chinauza 907 kuti ikwere, koma woyendetsa anatsatira mawu ochokera pansi. Chinauza 958 kuti itsike, ndipo inatsika. Basi, zonse ziwiri zikutsika, zikulunjika pamodzimodzi. Pamapeto penipeni woyendetsa 907 ataiona inzakeyo ndi maso, anaigwetsa ndege yake mwamphamvu n'kudutsa pansi pake. Zinaphonyana ndi mamita ngati 135 okha. Anthu amene sanamange malamba anaponyedwa kudenga, ndipo 100 anavulala, 9 mwa iwo modetsa nkhawa. Palibe anamwalira.

Pamene ndinkaiwerenga koyamba, ndinali mbali ya mnyamatayo, chifukwa nanenso ndinali wongoyamba kumene ntchito. Usiku uja ndinazindikira kuti mpando wanga wasintha. Tsopano ndine mayi uja.

Ndipo mpando umenewu ndi wovuta, abale. Ukamalowerera msanga pa kalikonse, wophunzirayo sadzaima payekha. Ukachedwa, zinthu zaonongeka. Choopsa kwambiri n'chakuti wophunzira akayamba kuchita bwino, iwe umayamba kutayirira. Sabata yoyamba ndinkaona nambala iliyonse imene mtsikana uja walemba. Pofika mwezi wachitatu ndinkangoyendetsa maso pamwamba, dzanja lina lili pa WhatsApp, n'kusayina. Iye ankadalira kuti ine ndiona, ine ndinkadalira kuti iye salakwitsa. Anthu awiri pa pepala limodzi, koma woliwerenga palibe.

Nkhani ya ku Japan ija inapita kukhoti. Mu 2006 khoti la ku Tokyo linapeza kuti awiriwo alibe mlandu. Mu 2008 khoti la apilo linatembenuza chigamulocho, ndipo mu 2010 khoti lalikulu kwambiri linagwirizana nalo. Wophunzirayo anamulamula chaka chimodzi, mphunzitsi wake chaka ndi theka, ngakhale zilangozo anaziimika moti sanalowe m'ndende. Taonani pamenepo: amene anatchula nambala yolakwika poyamba analandira chochepa, amene anakhala pambali analandira chachikulu.

Sindikunena kuti ndikugwirizana ndi kuwazenga mlandu. Anthu ambiri a ntchito za ndege anadandaula ndi chigamulochi, ndipo mfundo yawo ndimaimvetsa. Lilime la munthu limaterereka, makamaka manambala akafanana ndipo masekondi akuthamanga. Ukamalanga aliyense amene lilime lamuterereka, anthu sasiya kulakwitsa, amangosiya kuulula. Ndipo cholakwa chobisika chimadikira munthu wina. Komanso sindingaiwale anthu 100 aja. Iwo sanavomere kukhala m'kalasi ya munthu, anangogula matikiti.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti panali phunziro lina lalikulu kuposa lilime la mnyamata uja: kodi woyendetsa ndege amvere ndani, TCAS kapena munthu wapansi? Malamulo a nthawiyo sankanena mosapita m'mbali. Patapita chaka ndi miyezi isanu, pa 1 Julayi 2002, ndege ziwiri zinawombana pamwamba pa Überlingen ku Germany. Ina inamvera TCAS, ina inamvera wapansi. Anthu 71 anafa, ambiri mwa iwo ana a ku Russia. Pambuyo pake m'pamene bungwe la ICAO, loona za maulendo a ndege padziko lonse, linakhwimitsa lamulo loti TCAS ikalankhula, woyendetsa aitsatire ngakhale wapansi anene zina.

Zathu za ku ofesi n'zazing'ono poyerekeza ndi zimenezi, ndikudziwa. Ndalama zinabwezedwa pasanathe sabata. Koma mlonda uja ndi dalaivala uja ali ndi ana, ali ndi lendi, ndipo nawonso sanavomere kukhala m'kalasi yathu.

Kutacha ndinagogoda kwa abwana. "Bwana, za malipiro zija, siginecha ndi yanga. Sindinawerenge." Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, ndipo kalata yochenjeza imene imati ipite kwa mtsikana uja inabwera kwa ine. Ili mu fayilo yanga pano. Kupepesa kwa mtsikanayo kunali kovuta kuposa kwa abwana, chifukwa ndinayenera kuchita pamalo pomwe ndinamukalipira paja, anthu omwe aja akumva.

Masiku ano tikamakonza malipiro, foni yanga imalowa mu dirowa. Iye amawerenga nambala mokweza, ine ndimabwereza. Dzulo ndinaona kuti wadumpha mzere umodzi. Pakamwa panga panayabwa, koma ndinadzigwira, chala changa chili pa mzere womwewo. Anapitirira manambala awiri, kenako anaima.

"Achimwene, dikirani kaye. Pali pena pasakuyenda apa."