Kambuzi ndi namondwe Kenneth

Pepani ndakhala chete nthawi yaitali, kuchonga mapepala sikutha. Sabata yatha ndinakumana pamsika wa pa Boma ndi mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Jogalafe, pano ndi bambo wa ana awiri. Tisanamalize n'komwe kupatsana moni anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi Kambuzi akadalipo?" Tinaseka mpaka amayi ogulitsa usipa anatembenuka. Ndiye ndati ndilembe nkhani ya Kambuzi ndi Kenneth, chifukwa ambiri a inu munangomva mbali yoseketsa yokha.

Kwa amene simumudziwa, Kambuzi ndi galimoto yanga, Toyota Celica ya zitseko ziwiri, yofiirira ngati tsabola uja. Dzinali anamupatsa ndi ana a Fomu 3. Ndinamugula mu 2014, chaka chimene mgodi wa Kayelekera unaimitsa ntchito ndipo anthu ena amene ankagwira kumeneko ankagulitsa katundu wawo mothamanga. Ndinatenga ngongole ku SACCO, ndipo kwa zaka zitatu malipiro anga ankafika ngati adyedwa ndi chiswe. Mayi a kunyumba ankafuna pikiapu. Makaniko wanga atatsegula boneti anandiuza kuti injini yake ndi imodzimodzi ndi ya Corolla, ndiye ndisadzimve kwambiri, ndangogula Corolla yovala suti. Ine sindinamve za munthu. Ndinakulira kumudzi ku Dowa, ndinayenda wapansi kupita kusukulu zaka zonse, ndipo ndinkafuna kamodzi kokha m'moyo kukhala ndi chinthu chongosangalatsa mtima basi.

Vuto la Kambuzi ndi limodzi: ndi wamfupi. Rula yaifupi ija ya m'bokosi la masamu siimirira pansi pa mimba yake. Pa M1 amathamanga ngati mphenzi, koma akangoona hampu amagwada.

Tsono tifike mu Epulo 2019. Mukukumbukira kuti mwezi wa Malichi chaka chimenecho namondwe Idai anasakaza mzinda wa Beira, ndipo asanafike n'komwe kumeneko mvula yake inali itamiza kale midzi ku Nsanje, Chikwawa ndi Phalombe. Anthu pafupifupi 60 anafa m'dziko muno. Ife kuno tinamva chisoni, tinasonkha zovala kutchalitchi, koma mumtima tinkati namondwe ndi nkhani ya kummwera. Zathu ife ndi zivomezi, monga zija za Disembala 2009 zimene zinatigoneka panja, ndi madzi a North Rukuru. Patangodutsa masabata 6, Isitala itangotha, tinamva dzina lina, Kenneth. Ameneyu sanalunjike ku Beira ayi. Anali kumpoto kwa Madagascar, akulowera ku Comoros, kulunjika gombe la Cabo Delgado.

Ndinatulutsa atilasi. Cabo Delgado ali cha pa madigiri 12 kummwera kwa ikweta, ife tili cha pa 10. Ndinaika rula pamapu n'kuona kuti namondweyo akapitiriza ulendo wake wolowera kuzambwe, adutsa Niassa n'kufika panyanja yathu. Zoona, pakati pathu ndi gombelo pali makilomita oposa 600, ndipo zimene ndimakuphunzitsani zija sindinaziiwale: namondwe amadya madzi ofunda a m'nyanja yamchere, akalowa kumtunda njala imamugwira, mphepo yake imafooka. Koma mvula yake siifa msanga. Ndipo Epulo kuno ku Karonga si Epulo wa ku Lilongwe. Anzathu akamayanika chimanga ife mvula imakhala ili pachimake, nthaka itakhuta kale, madambo a mpunga atadzaza. Mitsinje yathunso ili ndi khalidwe lake. North Rukuru amachokera ku Nyika, Lufilya amatsika kuchokera kumapiri a ku Chitipa, ndiye mvula ikhoza kugwa kumtundako, kuno nyenyezi zili mbee, madzi n'kukupezani pamphasa pakati pa usiku.

Zonsezi ndinkazidziwa bwino kuposa aliyense pamzere wa nyumba zathu. Ndiye taonani zimene katswiri wa Jogalafe anachita nazo Lachitatu, pa 24 Epulo.

Ndinadzuka m'mamawa kupita kukadzaza petulo. Ndinatenga Blue Book, COF ndi pepala la inshuwalansi n'kuzikulunga m'majumbo awiri. Pamene ndinkakulunga ndi pamene ndinawerenga pepala la inshuwalansilo koyamba chigulireni, n'kuzindikira kuti third party imalipira munthu amene wamugunda, osati galimoto yako ikamira. Thukuta linatuluka. Galaja ndilibe, Kambuzi amagona pansi pa mtengo wa mango, ndipo mtengo wa mango pamphepo ndi mdani. Bwalo lathunso ndi lotsika, madzi amaima. Ndinaimbira mnzanga wina amene amakhala pokwera pang'ono cha kumsewu wa ku Chitipa, n'kupempha malo. Kumeneko ndinayendera bwalo lonse ngati wogula munda, kuyang'ana kumene malata angaulukire akasasuka padenga. Ndinakweza matayala onse anayi pa matabwa ndi njerwa, ndinatchinga kutsogolo ndi kumbuyo, ndinamasula waya wa batire. Lona ndinaiyala kenaka n'kuichotsanso, poopa kuti ikamakupizidwa ndi mphepo ikanda penti. Ndinaimbiranso makaniko, amene anandiuza chinthu chimene ndikupatseni inunso kwaulere: galimoto ikalowa madzi, musayese kuiliza. Injini imapuma mpweya, ndipo pa galimoto yaifupi pamene imapumira pali pafupi ndi pansi. Ikakoka madzi m'malo mwa mpweya, pisitoni imalephera kuwapanikiza, zitsulo zimapindika mkati, injini yatha. Muikoke, muchotse mapulagi, muumitse, kenaka muyese.

Ndinafika kunyumba pa kabaza cha m'ma 2 koloko, wotopa koma wonyada. Ndinapeza mayi a kunyumba atakhala pakhonde, atamanga kale chitenje chapaulendo.

"Bambo a Atupele, mwamaliza?"

"Ndamaliza. Ali pabwino zedi."

"Chabwino. Nanga amayi?"

Anali atandifunsa kale funso limeneli m'mawa, ine ndikusakasaka sipanala, ndipo ndinayankha kuti tiona madzulo. Apongozi anga amakhala kudambo, kumpoto kwa tauni njira ya ku Kaporo, makilomita angapo kuchoka pa tala. Nyumba yawo ndi ya njerwa zosawotcha. Ankakhala ndi adzukulu atatu, wamng'ono wa zaka zinayi. Ngati panali munthu m'banja mwathu amene mapu anga aja ankamunena, ndi iwowo. Ine tsiku lonse mapu amenewo ndinawawerengera galimoto.

Sindinayankhe. Ndinabwerera kwa mnzanga uja, amene anandiyang'ana ngati ndapenga pamene ndinkatsitsa Kambuzi panjerwa ndi kubwezera batire. Koma ngakhale ndinatero, vuto linali likadalipo: Kambuzi kwa apongozi safika. Ndinayesapo kamodzi nthawi ya dzinja ndipo anatulutsidwa m'matope ndi ng'ombe ziwiri, mudzi wonse ukuonerera. Ndiye mayi a kunyumba anaimbira mnyamata wina wa m'mudzimo amene ali ndi ngolo. Dzina sinditchula. Ena a inu munali naye kalasi imodzi. Anasiyira sukulu mu Fomu 2, ndipo ndikukumbukira mawu amene ndinamuuza pomubwezera pepala lake la mayeso, mawu amene lero sindingauze mwana wa munthu. Tinamupeza akutidikira pamphambano. Anavula chipewa n'kunena kuti, "Kwerani kuno Aphunzitsi, ameneyo musiyeni apume." Kambuzi ndinamusiya pamphepete pa msewu, pafupi ndi kagolosale, pamalo otsika, pansi pa mtengo. Zonse zimene ndinazipewa m'mawa.

Pangolo madzi ena ankafika m'mawondo mwa ng'ombe. Mnyamatayo ankandilozera m'njira monse: apa madzi amafika akasefukira pang'ono, apo pachulu ndi pamene anthu amathawira, uko kuli khwawa limene limadzaza poyamba. Mapu amenewo mu atilasi yanga mulibe.

Apongozi anakana. Chinkhonde changa ndi cha moni ndi pamsika, ndiye zambiri zinkadutsa mwa mwana wawo, koma kukana sikufuna womasulira. Anati madzi amawadziwa kuyambira ali mtsikana, amabwera n'kupita. Anati mpunga wayamba kucha, akachoka mbalame zimaliza. Anati ng'ombe asiyira ndani. Ndipo kunena zoona mfundo zawo zinali zolemera kuposa zanga: ine ndinali ndi namondwe amene mwina afika mwina safika, iwo anali ndi chakudya cha chaka chonse chimene mbalame zidzadyadi. Ndinagwada pafupi ndi mphasa yawo n'kunena m'Chichewa changa chomwechi kuti, "Amayi, ngati ndalakwitsa mudzandiseke chaka chonse. Koma ana awa asagone kuno usiku uno." Anakhala chete nthawi yaitali. Mapeto ake tinagwirizana kuti alamu anga akusa ng'ombe kupita nazo kumtunda n'kumayang'anira munda, ndipo iwo ndi adzukulu abwera kwathu masiku awiri okha. Pangolo panakwera matumba awiri a mpunga wa chaka chatha, mbewu m'chigubu, ufa wa kondoole, nkhuku m'dengu, mabulangeti, ndi chikwama cha mapepala a kuchipatala.

Tinafika pa tala dzuwa litalowa. Apa ndiye mbali imene munaimva ija. Buti ya Kambuzi inalandira thumba limodzi n'kukana kutseka. Mipando ya kumbuyo, imene a Toyota anaipanga ngati yongokhalira chikwama, inanyamula mayi a kunyumba ndi ana atatu, nkhuku zili pamiyendo. Apongozi anayenera kupinda msana kuti alowe kutsogolo, ndipo atakhala anapezeka ngati akhala pansi penipeni. Katundu wotsala anabwera m'mawa mwake pa njinga ziwiri. Pa hampu yoyamba mimba ya galimoto inakhula pansi, phokoso lake ngati munthu akunola khasu. Apongozi analankhula mawu ochepa, mayi a kunyumba n'kuseka mpaka misozi. Ndinawakakamiza kuti andimasulire.

"Akuti galimoto iyi ndi ya munthu wopanda abale."

Ndinaseka nawo, koma mawuwo anandilowa mpaka m'mafupa, ndipo sanatulukebe.

Kenneth anafika pagombe madzulo a Lachinayi, pa 25 Epulo, kumpoto kwa mzinda wa Pemba, mphepo yake ikuthamanga makilomita pafupifupi 220 pa ola. Anasakaza chilumba cha Ibo ndi boma la Macomia, kenaka anafooka n'kuima komweko, mvula n'kumakhuthukira anthu a ku Cabo Delgado masiku angapo. Kuno sanafike. Pabwalo pathu mvula inagwa monga imagwera Epulo aliyense, madzi anaima, achule anaimba, basi. Apongozi anabwerera kwawo Lolemba, atakwiya ndi mbalame komanso ndi ine. Mu sitafu rumu anzanga ananditcha "a Zanyengo" mpaka teremu inatha, ndipo wina anajambula pabolodi galimoto itakwera panjerwa, nkhuku ili pachiwongolero.

Kusekedwako kunandiwawa kwa kanthawi. Kunasiya kundiwawa mu Malichi 2023, pamene Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu oposa 600 n'kupezeka atafa m'chigawo cha kummwera, mazana enanso osapezeka n'komwe. Chichokereni nthawi imeneyo, a nthambi yoona zanyengo akalengeza chenjezo, sindichita manyazi kusamutsa munthu pachabe. Chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero ndi maola aja a pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana. Mayi a kunyumba sanayambe andikumbutsapo. Bola akanandikalipira, bwenzi nkhaniyi itatha kalekale.

Mutu wa anamondwe ndimauphunzitsa mosiyana tsopano. Tikamaliza za kuzungulira kwa mphepo ndi madzi ofunda, ndimauza ana kuti aliyense ajambule mudzi wake, asonyeze kumene madzi amalowera poyamba, kumene kuli chulu kapena sukulu yokwera, nyumba imene muli agogo osatha kuthamanga, ndi amene ali ndi ngolo kapena bwato. Ana a kudambo amakhoza ntchito imeneyi kuposa a m'tauni. Mnyamata wa ngolo uja ndinamupempha kuti adzalankhule ndi Fomu 3. Anakana kawiri, kachitatu anabwera atavala jekete, ndipo ana anamufunsa mafunso mpaka belu linalira. Ndalama ya tsiku lija anakana kulandira, akuti apongozi anga ndi agogo ake a m'mudzi.

Tsono kuti ndiyankhe funso la pamsika lija: Kambuzi akadalipo. Penti yayamba kusuwa padenga, kilatchi ikufuna ndalama, ndipo chipsera cha hampu ija chikadali pamimba pake. Mnyamatayo anati ndikadzafuna kugulitsa ndidzayambire iye. Ndinamuyankha kuti ndikafunsa kaye kunyumba. Nditawauza mayi a Atupele madzulo ake, sanasiye n'komwe kupeta mpunga. Anangotchula mtengo, ndipo zikuoneka kuti anali atauwerengera kale.